Kodi ndisiye kuthandiza mlongo wanga amene akungobereka?

Amayi,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale komanso mkulu wa mpingo. Kwathu ndi ku Chiradzulu, koma ndimagwira ntchito kutali ndi kumudzi. M'banja mwathu mwamuna ndine ndekha, choncho mbumba yonse maso ali pa ine. Ndine ndekhanso amene ndidapita ku sekondale, chifukwa ndalama za makolo athu zinkakwanira mwana mmodzi.

Mlongo wanga wachiwiri ali ndi zaka 38. Adakwatiwa ali ndi zaka 16. Wabereka ana asanu ndi anayi. Awiri adatisiya ali aang'ono, asanu ndi awiri alipo. Mwezi wathawu wandiimbira foni kuti ndi woyembekezeranso. Alamu anga amapalasa kabaza, lero apeza, mawa ayi. Munda umene mayi athu ankalima okha adaugawira ana awo aakazi anayi, moti gawo la mlongo wangayu silikwana ngakhale ekala. Chimanga chimawathera mu Seputembala. Feteleza, yunifolomu, makope, ndalama ya kuchigayo, zonse ndi ine, chonsecho nanenso ndili ndi ana atatu ndi ngongole ya kubanki.

Atandiuza za mimbayo sindidasangalale. Ndidangoti chabwino, n'kudula foni. Kusukulu kalasi langa lili ndi ana oposa 100, ena sindiwadziwa n'komwe mayina. Ndawerenga pa intaneti kuti dziko lapansi ladzaza, tapitirira 8 biliyoni, ndipo ena akuti kuthandiza osauka n'kungokulitsa vuto, chifukwa ukawapatsa chakudya amangoberekana. Chondiopsa n'chakuti ndayamba kuzikhulupirira. Nthawi ya kolera ija, ndikumva pa wailesi chiwerengero cha omwalira, mumtima mwanga mudadutsa ganizo lakuti mwina Mulungu akutichepetsako. Ndidadziopa ndekha. Lamulungu ndimaima kutsogolo kupempherera amasiye ndi osauka, koma mawuwo amangochokera pakamwa.

Kodi ndachimwa? Kodi ndisiye kuthandiza kuti aphunzirepo kanthu? Nanga Mulungu amene adatilamula kuberekana sakuona kuti malo atha?

Ndine,
Mwinimbumba wotopa

Aphunzitsi,

Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene lingabweretse maliro mukaliyankha molakwika. Musasiye. Mukafumbata dzanja lero, amene agone ndi njala ndi ana asanu ndi awiri amene amakutchani amalume, ndi mayi amene ali ndi pakati. Njala siphunzitsa munthu kulera. Imachotsa mtsikana pasukulu n'kumukankhira kubanja mawere asanaime bwino, ndipo zaka 20 zikubwerazi mwana wanu ndiye adzalembe kalata yonga yanuyi. Kathandizidwe kanu kayenera kusintha, inde, koma kusintha n'kwina, kusiya n'kwinanso.

Za kutopa kwanu, ine sindikuonapo tchimo. Munthu wosenza mabanja awiri pa malipiro a mphunzitsi sangalephere kutopa. Kawerengeninso Numeri 11. Mose weniweniyo adafika podandaulira Mulungu kuti khamu lonselo sadalibereke ndi iye, nanga alisenzerenji yekha, mpaka adapempha kuti kuli bwino angofa. Mulungu sadamudzudzule kuti wataya chikondi. Adamuuza kuti asonkhanitse akuluakulu 70 agawane naye katunduyo.

Sindikuuzaninso kuti manambala amene mwawerengawo ndi abodza. Cha m'ma 1800 anthu pa dziko lonse anali pafupifupi 1 biliyoni. Mu 1960 adafika 3 biliyoni, ndipo pa 15 Novembala 2022 bungwe la United Nations lidalengeza kuti takwana 8 biliyoni. Kwathu kuno kalembera wa 1966 adapeza anthu 4 miliyoni, wa 1987 pafupifupi 8 miliyoni, wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni, theka la iwo osakwana zaka 18. Nthaka ndi yomweija. Boma lanu la Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno, ndipo nkhani ya munda wa mayi anu ikuchitika m'mudzi uliwonse kumeneko. Phiri la Ndirande lidali ndi nkhalango, lero ndi dazi. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chidatsala pang'ono kutheratu. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche adakwirira anthu ku Chilobwe, anthu amene adamanga m'malo otsetsereka chifukwa kwina kokamanga kudalibe. Munthu wopemphera amene amakana kuyang'ana zimenezi, n'kumangoti Mulungu adzapereka, sakulemekeza Mulungu amene adamupatsa maso ndi nzeru. Akale athu adaziona okha pamene ankati kuchuluka n'kwabwino, kumaipira kutha ndiwo m'mbale.

Koma pali manambala ena amene olemba anu a pa intaneti aja sakonda kuwaika poyera. United Nations yomweyo ikuyembekezera kuti chiwerengero cha anthu chidzafika pachimake cha pafupifupi 10.3 biliyoni cha m'ma 2080, kenaka chidzayamba kutsika. Mayiko oposa theka pa dziko lapansi afika kale poti ana obadwa sakukwanira kulowa m'malo mwa makolo awo. Ku South Korea mu 2023 mayi mmodzi ankabereka ana osakwana ndi mmodzi yemwe tikatengera anthu onse, ndipo boma kumeneko likuchita kunyengerera anthu kuti abereke. Za kuwonongeka kwa dziko, lipoti la Oxfam la 2023 lidaonetsa kuti anthu olemeretsetsa, mmodzi pa 100 alionse, amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wofanana ndi umene amatulutsa anthu osauka okwana magawo awiri mwa atatu a mtundu wonse wa anthu. Bungwe la FAO lidawerengera kuti pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la chakudya cholimidwa pa dziko limawonongeka kapena kutayidwa. Mlongo wanu, amene alibe galimoto, alibe firiji, mwina alibe ngakhale babu la magetsi, si amene akusokoneza mvula. Ngakhale makala amene akumaliza mitengo yathu, ambiri amakathera pa mbaula za m'tauni. Mbale ija ikutha ndithu, koma tisanaloze chala mwana wobadwa dzulo tiyambe taona amene akutapa ndi manja awiri.

Tsopano ganizo lija la nthawi ya kolera. Mudachita bwino kuliopa. Si lanu nokha, ndipo mbiri yake ndi ya magazi. Mu 1798 m'busa wina wa mpingo wa Anglican ku England, Thomas Malthus, adalemba kuti anthu amachulukana mofulumira kuposa chakudya, ndipo njala ndi miliri ndizo zimabweza chiwerengero m'malo mwake. Ankatsutsa chithandizo chimene boma linkapereka kwa osauka, ati chimawalimbikitsa kubereka ana amene sangawadyetse. Kuyambira 1845 mbatata ya kachewere, imene osauka a ku Ireland ankadalira monga ife tidalira chimanga, idagwidwa ndi matenda n'kumaolera m'nthaka. Mkulu wa boma la Britain amene ankayendetsa za chithandizo, Charles Trevelyan, adaphunzira pa koleji imene Malthus ankaphunzitsa, ndipo njalayo ankaiona ngati dzanja la Mulungu lokonza dziko lodzaza anthu. Chithandizo chidaperekedwa monyinyirika, uku zombo zikunyamula mbewu, ng'ombe ndi nkhumba kuchoka ku Ireland komweko kukagulitsa kunja. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa, enanso ochuluka chomwecho adathawa dziko lawo. Chimene chimandiwawa pa nkhani imeneyi n'chakuti Trevelyan sadali chidakwa kapena chigawenga. Anali munthu wopemphera, wakhama pa ntchito, wodziwa masamu. Adangolola kuti masamuwo amuuze amene ayenera kuchitiridwa chifundo.

Ganizoli lidaukanso m'zaka za m'ma 1900. Mu 1968 Paul Ehrlich wa ku America adalosera kuti anthu mamiliyoni mazanamazana adzafa ndi njala m'ma 1970. Sizidachitike, mwa zina chifukwa cha mbewu zatsopano za tirigu ndi mpunga zimene zidachulukitsa zokolola ku Asia. Mu 1974 mnzake Garrett Hardin adalemba kuti mayiko olemera ali m'bwato lodzaza pakati pa nyanja, osauka akusambira mozungulira, ndipo kuwakweza n'kumiza onse, choncho asiyidwe. Zimene mwawerenga pa intaneti ndi zidzukulu za nkhani imeneyi. Ndipo kumene maboma adagwidwa ndi mantha otere, zotsatira zake zidali zochititsa manyazi. Ku India, pakati pa 1975 ndi 1977, mu ulamuliro wa Indira Gandhi, anthu oposa 8 miliyoni adatsekedwa kuti asaberekenso m'chaka chimodzi chokha, ambiri a iwo amuna osauka, ochuluka mokakamizidwa. Aphunzitsi anzanu kumeneko ankapatsidwa chiwerengero cha anthu oti awapititse kukatsekedwa, akalephera malipiro awo ankaimitsidwa. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, anthu akumidzi akamva za kulera ankathawa.

Mukayang'anitsitsa, amene amati anthu achuluka sadziika okha m'gulu la ochulukawo. Ochuluka amakhala ena nthawi zonse: osauka, akumudzi, a mtundu wina. Inu monga mkulu wa mpingo mukudziwa kumene zimenezi zidayambira. Pa Eksodo 1, Farao adayang'ana Aisraele n'kuona chiwerengero choopsa, nalamula kuti ana aamuna aziphedwa pobadwa. Azamba awiri, Sifira ndi Puwa, ankaona mwana mmodzimmodzi akulira m'manja mwawo, ndipo adakana. Baibulo lidasunga mayina a azambawo. La mfumuyo silidalembedwe. Ndipo pa Luka 13, Yesu atakumbutsa anthu za nsanja ya ku Siloamu imene idagwera anthu 18, adakanitsitsa kuti ophedwawo anali oipa kuposa anzawo. Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Adawapha ndi madzi akuda, kusowa kwa zimbudzi ndi kuchedwa kufika kuchipatala. Tisamusenzetse Mulungu ntchito ya zitsime zimene ife sitidakumbe.

Ganizo limeneli lili ndi vuto linanso, ndipo monga mphunzitsi mulimvetsa msanga: ngakhale pa masamu penipenipo, ndi lolakwa. Imfa za ana sizichepetsa anthu, zimawachulukitsa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 adapeza kuti ku Malawi ana 234 mwa 1,000 alionse ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, pafupifupi mmodzi mwa anayi. Nthawi imeneyo mayi mmodzi ankabereka ana 6.7 tikatengera anthu onse. Pofika 2015 ndi 2016, imfazo zidatsika kufika 63 mwa 1,000, ndipo kubereka kudatsika kufika 4.4. Katemera, masikito, mankhwala a malungo, phala la kusikelo, zinthu zimene Hardin akadati n'kukweza anthu m'bwato, ndizo zidathandiza makolo kulimba mtima n'kunena kuti anayi akwana. Mayi amene waika ana awiri m'manda, monga mlongo wanu, sawerenga ana monga muwerengera inu. Mumtima mwake amasiyako malo a amene angadzapite.

Taonani Bangladesh. Ndi dziko lokulirapo pang'ono chabe kuposa Malawi, koma muli anthu oposa 160 miliyoni, ambiri Asilamu. M'ma 1970 mayi kumeneko ankabereka ana oposa asanu ndi mmodzi. Lero ndi awiri kapena kuposerapo pang'ono. Kuyambira 1977, m'dera lotchedwa Matlab, amayi a m'midzi yomweyo adaphunzitsidwa kuyenda khomo ndi khomo, kucheza ndi amayi anzawo, kuwabweretsera njira zolerera ndi chithandizo cha ana odwala. Pamwamba pake atsikana adayamba kukhalitsa pasukulu ndi kupeza ntchito. Kulikonse kumene kubereka kwatsika popanda nkhanza, njira yake yakhala yomweyi: ana asafe, atsikana aphunzire, mayi akhale ndi mawu pa thupi lake. Zonsezi ndi ntchito za chifundo. Choncho simuli pamphambano yoti musankhe pakati pa kukonda mlongo wanu ndi kudera nkhawa dziko. Msewu wake ndi umodzi.

Nkhani ya pa Marko 6 mumaidziwa pamtima, koma taiyang'ananinso ndi maso a munthu wotopa. Ophunzira adaona khamu, dzuwa likupendeka, malo ali achipululu. Adapempha kuti anthuwo auzidwe azipita, ndipo adawerengera ndalama zimene zikadafunika, naona kuti sizingatheke. Masamu awo adali olondola. Chimene ambiri sitichiona n'chakuti Yesu nayenso adawerenga. Adafunsa kuti buledi alipo angati. Adakhazika anthu m'magulu a 100 ndi a 50. Zotsala zidatoleredwa n'kuwerengedwa, madengu 12. Onse adawerenga, koma ophunzira adawerenga kuti apeze chifukwa chobalalitsira anthu, pamene Iye adawerenga kuti aliyense afikiridwe. Inunso werengani, Aphunzitsi. Werengani maekala, matumba, malipiro anu, zaka za mlongo wanu. Chokhacho dzifunseni kuti kuwerengako kukupita nanu kuti.

Mwafunsa ngati Mulungu sakuona kuti malo atha. Lamulo la kuberekana pa Genesis 1 lidaperekedwa kwa anthu awiri, pa dziko lopanda munthu wina, ndipo mutu wotsatira womwewo munthu akupatsidwa munda kuti aulime ndi kuusamala. Ziwirizi zidabwera limodzi. Palibe pamene padalembedwa kuti banja lililonse lipikisane ndi linzake, kapena kuti mayi abereke mpaka thupi litakana. Mipingo imasiyana pa njira, koma pa udindo sikutalikirana kwenikweni. Mabishopu a Anglican adavomera kulera pa msonkhano wawo wa ku Lambeth mu 1930. Mpingo wa Katolika, m'kalata ya Papa Paulo VI ya 1968, udakana mapilitsi ndi njira zonga zimenezo, koma kalata yomweyo imaphunzitsa kuti makolo aganizire thanzi lawo ndi zimene angakwanitse, ndipo imalola kutsata masiku a mayi. Mashehe ambiri amalola kutalikitsa ana mwamuna ndi mkazi akagwirizana. Ndipo tisanamizidwe kuti kulera kudabwera ndi azungu. Agogo athu ankadika mpaka mwana atalimba, mayi wotumbiza ankakhalitsidwa pansi ndi anamkungwi, ndipo mwamuna wake ndiye ankadzudzulidwa koposa. Mkuzi adaudziwa kalekale. Chimene chidatichedwetsa n'chakuti boma la Kamuzu Banda lidaletsa za kulera m'ma 1960, n'kudzazilola mu 1982, pokhapokha zitatchedwa kutalikitsa ana. Mwambo wakale udali ukutha, njira zatsopano zisanafike kumudzi.

Pali chiganizo chimodzi m'kalata yanu chimene mwachilemba mongodutsa, koma ine ndaimapo nthawi yaitali: ndalama zinkakwanira mwana mmodzi. Inu mudapita ku sekondale, mlongo wanu adapita kubanja ali ndi zaka 16. Inu muli ndi ana atatu, iye ali pa mimba yakhumi. Sindikunena izi kuti ndikupezeni olakwa; mudali mwana, ndipo makolo anu adachita zimene pafupifupi kholo lililonse linkachita. Ndikungofuna kuti mukamamuyang'ana musamaone munthu wosamva. Makalasi amene inu mudalowa iye sadawalowe, ndipo zaka zimene inu munkalemba mayeso iye ankabereka. Mukadasinthana malo, mwina lero woimba foni mukadakhala inu.

Ndiye muimbireninso. Mumuuze kuti tsiku lija nkhaniyo idakudzidzimutsani, kenaka mumufunse mmene akumvera m'thupi, ndipo mumvetsere. Musadabwe mukapeza kuti mimbayi nayenso sadaifune. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja adapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse apabanja ankafuna kudikira kapena kusiyiratu kubereka koma sankagwiritsa ntchito njira iliyonse. Zifukwa zake n'zodziwika. Ena jakisoni adawasokonezera kumwezi ndipo padalibe wowafotokozera kuti pali njira zina. Ena adayenda mtunda wautali n'kukapeza mankhwala atatha. Ena amuna awo amati mkazi wolera ndiye kuti akuyenda njira zachibwana. Ena amaopa kuti akasiya kubereka bamboyo akatenga wina. Simungadziwe chimene chidagwira mlongo wanu mpaka wina atamufunsa mwaulemu.

Koma chofulumira kuposa zonse ndi moyo wake. Mayi wa zaka 38 pa mimba yakhumi ali pa chiopsezo chenicheni, makamaka kutaya magazi ambiri akangochira ndi kuthamanga kwa magazi. Ngati sanayambe sikelo, ayambe sabata ino. Azimwa mankhwala owonjezera magazi ndi oteteza malungo amene amapereka kumeneko, azigona m'masikito. Achilire ku chipatala chachikulu kumene kuli madokotala ochita opaleshoni ndi magazi osungidwa, ndipo masiku akayandikira apite akadikirire komweko, asayembekezere kuti matenda amuyambire kumudzi usiku. Ndalama yoyamba imene mupatule chaka chino ikhale ya ulendo umenewu ndi kamba wa womudikirira, feteleza abwere pambuyo. Mayiyu akapita, ana asanu ndi awiri aja adzakhala pakhomo panu, ndipo palibe feteleza amene angalowe m'malo mwa mayi wawo.

Za kulera pambuyo pa mimbayi, ndikudziwa kuti mlongo ndi mlongo wake sakambirana za kuchipinda. Musadzikakamize. Tumani akazi anu ngati amamvana, kapena mkulu wake, kapena azakhali amene iye amawakhulupirira, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo akhalepo kuti ayankhe mafunso. Njira zilipo zambiri: jakisoni wa miyezi itatu, kapamkono kamene kamakhala zaka zitatu kapena zisanu, lupu, mapilitsi, ndi kutseka kwa amene atsimikiza kuti akwana. M'zipatala za boma zimenezi ndi zaulere, ndipo kutseka kumatheka mayi akangochira ngati adakambirana ndi anamwino nthawi ya sikelo. Gawo lanu inu ndi alamu anu. Chilamu chimalola kuuzana zimene ena sangauzane. Khalani nawo awiriwiri, osati pamaso pa ana kapena pa bwalo, ndipo musayambe ndi mawu akuti mwabereka ambiri. Yambani ndi kuwafunsa chimene angachite mkazi wawo atapanda kubwerako kuchipatala. Amuna ambiri amene amakana kulera sadafunsidwepo funso limeneli. Muwauzenso kuti abambo nawo amatseka, ndi opaleshoni yaing'ono ya mphindi zochepa, ndipo si kufula: mphamvu za m'nyumba zimakhala zomwezija.

Chinthu chimodzi chokha musachite. Musanene kuti akapanda kutseka simutumizanso kanthu. Kumeneko n'kugula thupi la mlongo wanu ndi thumba la feteleza, ndipo n'zomwe zija za ku India, kungoti zachitikira m'banja. Munthu wotsekedwa chifukwa choopa njala amasunga chakukhosi moyo wake wonse, ndipo amakauza anzake kuti kulera ndi chilango cha osauka. Chosankha n'chawo awiriwo. Inu mubweretse choonadi, mubweretse anthu odziwa, munene maganizo anu mosabisa, basi.

Kunena mosabisako kukhudzenso thumba lanu. Khalani pansi ndi akazi anu, mugwirizane ndalama imene mungathe kutumiza pa mwezi kapena pa teremu osalowa m'ngongole ina, ndipo mlongo wanu ndi alamu aidziwe. Munthu amene amapereka chilichonse chimene wapemphedwa, nthawi iliyonse, amafika podana ndi kulira kwa foni yake, ndipo ndikuganiza kuti inu mwafika pamenepo. Malire odziwika amateteza chikondi. Ana anu atatu nawonso ndi anthu oyenera chifundo chanu. Kenaka itanitsani mbumba yonse: alongo anu ena atatu, amuna awo, ankhoswe a banjali, ndi akuchimuna kwa alamu anu, pakuti anawa ali ndi abale mbali ziwiri. Wina alibe ndalama koma angathandize kupalira, wina angasunge mwana mmodzi nthawi ya sukulu, wina angalowetse mlongo wanu ku banki m'khonde. Umwinimbumba ndi kusonkhanitsa anthu ndi kuwatsogolera. Sudakhalepo wosenza zonse wekha, monganso Mose adauzidwa.

Za mapemphero anu amene akuuma pakamwa, ndili ndi langizo laling'ono. Siyani kaye kupempherera osauka. Mawu amenewo ndi aakulu kwambiri, mtima sungawakumbatire, monganso sungakumbatire 8 biliyoni. Tchulani ana a mlongo wanu mmodzimmodzi, ndi awiri amene adatsogola aja, ndi amene ali m'njirayu. Kusukulu tengani kaundula, tsiku lililonse muloweze mayina asanu amene simuwadziwa. Ganizo lija la pa wailesi limakula bwino pamene anthu asanduka chiwerengero. Likakumana ndi dzina limafota. Ndipo likadzabweranso, musadzitsutse mpaka kutaya mtima. Mudaliona, mudaliopa, mwaliulula. Munthu wouma mtima sachita zimenezo.

Ngati kuchuluka kwa anthu kukukusowetsani tulo, dziwani kuti muli ndi mphamvu pa nkhaniyi kuposa olemba a pa intaneti onse aja. Ndinu mphunzitsi ndiponso mkulu wa mpingo. M'dziko muno atsikana oposa anayi mwa khumi alionse ankakwatiwa asanakwanitse zaka 18 pa nthawi ya kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja, ndipo lamulo la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidaletsa ukwati wotere. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza idathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu, osadikira kuti wina achokere ku Lilongwe. Inunso mtsikana akasowa m'kalasi sabata ziwiri, pitani kwawo. Amene wabereka, muuzeni iye ndi makolo ake kuti malamulo a sukulu amamulola kubwerera. Pa msonkhano wa abambo kumpingo itanani namwino adzayankhe mafunso, chifukwa nkhani za kulera tazisiyira amayi kusikelo kwa nthawi yaitali, chonsecho wokana nthawi zambiri amakhala kunyumba.

Ndipo yambirani pa mbumba yanu. Mwa ana asanu ndi awiri aja, fufuzani kuti wamkulu mwa atsikana ali kalasi yanji, amajomba masiku angati pa mwezi ndipo chifukwa chiyani, ndiponso ngati pali mwamuna amene wayamba kale kuzungulira pakhomo. Akasankhidwa kupita ku sekondale, ndalama yake muzilipira nokha kusukulu komweko, ndipo alamu anu amve kuchokera pakamwa panu, pamaso pa ankhoswe, kuti za ukwati wa mwana ameneyu simudzazikhalira pansi asanalembe mayeso a Fomu 4.